Nyenyezi zikutuluka ngati timizere, kadzidzi nayenso wasiya kubwera

Mlenje_wopanda_uta

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga zomwe mumakambirana muno kwa miyezi ingapo osayankhulapo, koma lero ndabwera ndi vuto langa. Ndili ndi kamera ya DSLR yomwe ndinagula kwa munthu, ya sensa yaing'ono ija ya APS-C, ndi malenzi awiri, ya 18-55mm yomwe inabwera nayo ndi ya 70-300mm. Masana sindidandaula, njiwa ndi apumbwa amatuluka bwino ndithu. Kukangoda ndiye zonse zimasokonekera.

Loweruka lapitali ndinakhala panja kuyambira 9 koloko mpaka pakati pa usiku, kufuna kujambula Mlalang'amba. Kamera ndinaiika pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) masekondi 30, lenzi pa 55mm. Pa kasikirini ka kamera zimaoneka ngati zili bwino, koma nditazitsegula pa kompyuta nyenyezi zonse zinali timizere, ngati munthu wakanda pepala lakuda ndi singano. Zithunzi zomaliza ndiye zinali madontho ofufuma okhaokha.

Chachiwiri, chomwe chikundiwawa kwambiri mumtima. Mumtengo wa kuseri kwa nyumba mumatera kadzidzi pafupifupi usiku uliwonse. Usiku womwewo ndinamuona ali pa nthambi yake, ndinamuyandikira n'kumuwalitsira flash kanayi kapena kasanu. Chithunzi chimodzi chinatuluka, maso ofiira psuu. Kuchokera tsiku limenelo sindinamuonenso, lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Kodi ndamupweteka maso? Ndithandizeni abale.

Nthanda88

Takulandirani achimwene. Za kadzidzi ndiwasiyira odziwa mbalame, ine ndiyankhe za nyenyezi. Kamera yanu ilibe vuto. Timizereto ndi dziko lapansi likuzungulira. Limatembenuka madigiri 15 pa ola lililonse, ndiye shutter ikakhala chitsegukire nthawi yaitali, nyenyezi imasuntha kamera ikuyang'ana, n'kusiya njira yake pa chithunzi. Lenzi ikakhala yokokera zinthu pafupi, kusunthako kumaonekera msanga.

Pali kawerengedwe kakale komwe ambiri tinayambira. Mumatenga 500 n'kugawa ndi mamilimita a lenzi, yankho lake ndi masekondi omwe mungatsegule nyenyezi zisanayambe kutalika. Koma poti kamera yanu ndi ya APS-C, muyambe mwachulukitsa mamilimitawo ndi 1.5, kapena 1.6 ikakhala Canon. Tiyeni tiwerenge zanuzo. 55 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 82.5, ndipo 500 kugawa ndi 82.5 ndi masekondi 6 okha. Inu munatsegula 30, kutanthauza kuti munapyola kasanu. Bwezani lenzi pa 18mm. Apo 18 amakhala 27, ndipo 500 kugawa ndi 27 ndi masekondi 18 ndi kanthu pang'ono. Ine ndimaika 15 kuti ndisakayike.

Phindu lina la 18mm ndi lakuti lenzi imeneyo imatseguka mpaka f/3.5, pomwe pa 55mm imathera pa f/5.6. Kuwala komwe kumalowa pa f/3.5 n'kochuluka kawiri ndi theka. ISO, yomwe ndi mphamvu ya sensa pomva kuwala, muyambire 1600, mukaona kuti chada mukweze 3200. Mujambule mu RAW, mtundu wa fayilo womwe umasunga zonse zomwe sensa yaona, ndipo muike timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisagwedeze kamera pobanda batani.

Mai_Chiphaniphani

Flash kasanu pamaso pa kadzidzi usiku? Ayi achimwene, pamenepo munalakwa, ndisakubisireni.

Mlenje_wopanda_uta

Ndavomera mayi. N'chifukwa chake ndazinena poyera. Ndikufuna ndidziwe kukula kwa zomwe ndinachita.

Dziwa_ISO

Mayi musamuopseze munthu. Flash imang'anima kanthawi kochepetsetsa, kosakwana ndi sekondi yomwe. Mbalamezi zimaona mphezi mvula ikamagwa, zimaona magetsi a galimoto, koma zilipobe. Kadzidzi wanu achimwene wangosintha mtengo basi.

Mai_Chiphaniphani

A Dziwa_ISO, sindinanene kuti wachita khungu. Koma tayesani izi: khalani mumdima theka la ola mpaka maso azolowere, wina akuwalitsireni flash kumaso ali pafupi, kenako muyende. Muona kadontho kobiriwira kakuyandama patsogolo panu ndipo njira simuiona kwa kanthawi. Inu mukhala pansi n'kudikira kuti zithe. Nanga mbalame yomwe moyo wake wonse umadalira kuona mumdima, yadzidzimuka, ikuuluka pakati pa nthambi ndi mawaya? Kanthawi komweko n'kokwanira kuti igunde chinthu. Ndiye si kamodzi, n'kasanu.

Komanso tisaiwale kuti anamuyandikira. Kadzidzi amasankha nthambi chifukwa pansi pake pamadutsa makoswe ndipo palibe chomusowetsa mtendere. Maso ake satembenuka ngati athu, ndi okhazikika m'chigaza, n'chifukwa chake amazunguza mutu wonse mpaka madigiri 270. Mukaona wasiya kuyang'ana pansi pomwe akusaka, mutu wonse walozetsa kwa inu, ndiye kuti mwafika kale pafupi kwambiri. Akayamba kudziwongola, nthenga kuzimata kuthupi n'kuoneka wowonda ngati chitsa, akukuuzani kuti chokani. Ine ndikaona zimenezo ndimabwerera m'mbuyo, kaya chithunzi ndatola kaya sindinatole.

Dziwa_ISO

Za kuyandikirazo ndikugwirizana nanu. Koma flash anthu amaiipitsa mopyola. Nanga zithunzi zokongola za mileme ikuuluka zija zimajambulidwa ndi chiyani?

Mai_Chiphaniphani

Ndi flash, inde, koma yochepetsedwa mphamvu, yoikidwa pambali, ndipo wojambula amadziwa pomwe alekere. Si flash ya pamwamba pa kamera yolunjika m'diso.

Namzeze

Ndilowepo pa maso ofiirawo. Kufiirako si magazi otuluka kapena bala ayi, achimwene musade nkhawa. Flash ikakhala pafupi ndi lenzi, kuwala kumalowa m'diso, kukagunda kumbuyo komwe kuli timitsempha ta magazi, n'kubwerera molunjika mu kamera. Anthu nafenso zimatichitikira pa zithunzi za usiku.

Kuti mudziwe ngati akubwerabe, pitani masana pansi pa nthambiyo. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu, kenako amalavula timibulu ta ubweya ndi mafupa. Tatsopano timakhala takuda ndi tonyowa, takale timayera n'kumafumbutuka. Sesani pansipo lero, mukaonenso pakapita masiku atatu. Mukapeza kambulu katsopano kapena zitosi zoyera, ndiye kuti akumatera inu mutagona.

Mlenje_wopanda_uta

Zikomo a Namzeze, izi sindinkazidziwa. Ndikasesa mawa m'mawa. A Nthanda88, nanga madontho ofufuma aja?

Nthanda88

Pali zinthu ziwiri, focus kapena mame. Autofocus mumdima imangosakasaka osapeza kanthu, muizimitse pa lenzi pomwepo. Yatsani live view kuti muzionera pa sikirini ya kamera, lozani nyenyezi yowala kwambiri, kulitsani chithunzi pa sikirini mpaka pomaliza, ndiye muzipotoza mphete ya focus pang'onopang'ono. Kadonthoko kazichepa, kazichepa, kenako kayambanso kukula. Bwererani pomwe kanachepetsetsa, mumatepo kaselotepi kuti isasunthe. Musangopotoza mpaka kumapeto poganiza kuti ndiye kutali kwenikweni, malenzi ambiri amapitirira pamenepo. Ndipo mukakhudza zoom, focus muyambirenso.

Koma poti mwati zoyamba zinali timizere, zomaliza ndiye zofufuma, ine ndikukayikira mame. Usiku wopanda mitambo galasi limazizira kuposa mpweya, chinyezi n'kumatera pamenepo ngati pa udzu. Muziunika lenzi ndi tochi pakapita mphindi 20 zilizonse. Hood, chotchinga chija chovekedwa kutsogolo kwa lenzi, imathandiza. Ena amakulunga lenzi ndi kansalu kotenthetsa koyendera power bank.

Bilimankhwe_07

Ine zonsezi ndimangojambula ndi foni, ma DSLR anuwo ngolemera chabe.

Dziwa_ISO

Foni ijambule mbalame ili pamwamba pa mtengo? Tationetsani.

Bilimankhwe_07

Mbalame ayi, apo ndagonja. Koma thambo imatha. Mafoni ena monga Pixel ali ndi mbali ya nyenyezi, ukaikhazika malo osagwedezeka imajambula kwa mphindi 4, tizithunzi tambiri, n'kutiphatikiza yokha. Mlalang'amba umaoneka bwinobwino. Ndipo tinyama tating'ono foni imatitola kuposa lenzi yanu ya 300mm chifukwa imafika pafupi.

Dzina langali ndinalitenga chifukwa cha zimenezi. Masana bilimankhwe ungamudutse kakhumi osamuona. Usiku akagona amatuwa mbuu, amakhala kunsonga kwenikweni kwa kanthambi, mchira atapinda ngati nkhata, maso otseka. Ukaunika tchire ndi tochi yofooka amaonekera patali ngati tsamba louma pakati pa masamba obiriwira. Ndimaunika chapambali, osati kumaso, kutola ziwiri zitatu, n'kuchoka asanadzuke. Akayamba kuda khungu kapena kutsegula diso ndiye kuti ndachedwa. Chinanso, gwirizani tochi pafupi ndi diso lanu muunike pa udzu. Muona timadontho tonyezimira ngati mame. Ambiri mwa iwo ndi maso a akangaude akukuyang'anani.

Mai_Chiphaniphani

Izi ndiye ndimakonda kumva. Mwana wanga wamkazi tsiku lomwe anaona maso a akangaudewo sanafune kulowanso m'nyumba.

Gogo_wa_Filimu

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndasangalala kuti mukutsutsana mwaulemu. Ine ndinayamba kujambula nthawi ya filimu, mpukutu umodzi zithunzi 36, ndipo zomwe walakwitsa umakaziona patapita masabata, akatsuka. Zimenezo zinatiphunzitsa kukhala pansi n'kuyang'ana kaye tisanabande batani.

Mwana wanga Mlenje, timizere tomwe ukudandaulato ena timatifuna dala. Ukaloza kamera komwe thambo limazungulirira n'kuisiya ola lathunthu kapena awiri, nyenyezi zimajambula mikombero yokongola, wina mkati mwa unzake. Okhala kumpoto kwa dziko ali ndi nyenyezi ya Polaris yowalozera malowo. Kummwera kulibe nyenyezi yowala pamenepo, ndiye timagwiritsa ntchito Southern Cross, nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda. Utenge mzere wautali wa mtandawo, uutalikitse kanayi ndi theka kulowera kumunsi kwake, pomwe wathera ndi pomwepo. Ndi filimu tinkangotsegula shutter n'kukhala pa mpando. Ndi makamera a masiku ano ndi bwino kutola zambiri za masekondi 30 motsatizana n'kuzilumikiza pa kompyuta, chifukwa sensa ikatseguka nthawi yaitali imatentha n'kudzaza timadontho tofiira ndi tobiriwira.

Za kadzidzi ndikuuze zomwe ndinachita ine. Panali wina yemwe ndinamutsatira nyengo yathunthu. Masabata awiri oyamba sindinatenge kamera n'komwe. Ndinkangokhala malo amodzi dzuwa likamalowa, zovala zosawala, osasuntha, mpaka anayamba kunditenga ngati chitsa. Ndinaphunzira kuti amatuluka kusanade kwenikweni, kumwamba kukadali kofiirira, amayamba wadzikonza nthenga pa nthambi imodzimodzi kwa mphindi zingapo asanapite kosaka. Mphindi zimenezo ndi zomwe ndinamujambulira, ndi kuwala kwa kumwamba kokha. Kadzidzi akatera amakhala duu ngati mwala, ndiye pa tripod ngakhale shutter ya 1/15 imakwana. Utole zambiri, mwa khumi chimodzi chidzakhala chakuthwa. Lenzi yako ya 300mm ndi yokwanira, sufunika kusendera.

Mlenje_wopanda_uta

Agogo, zikomo kwambiri. Masabata awiri opanda kamera ndi ovuta, koma ndiyesa.

Kadamsana

Pepani ndipatutse nkhani pang'ono. Ine mwezi ukundikanika. Umangotuluka chimpira choyera chopanda chilichonse mkati.

Nthanda88

Kamera ikuona mdima wozungulira n'kuganiza kuti pakufunika kuwala kwambiri. Koma mwezi ndi mwala womwe ukuombedwa ndi dzuwa, muujambule ngati chinthu cha masana. Ikani manual, ISO 100, f/11, shutter 1/125, muyambire pamenepo. Komanso musadikire wathunthu. Ukakhala theka, dzuwa limauomba chapambali, ndiye m'malire mwa kuwala ndi mdima maenje ndi mapiri ake amaonetsa mithunzi. Wathunthu umaoneka wosalala.

Zandikumbutsa, a Mlenje, Loweruka lija mwezi unalipo?

Mlenje_wopanda_uta

Unalipo, woposa theka.

Nthanda88

Ndiye ngakhale mukanakonza zonse, Mlalang'amba ukanatuluka wotuwa. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti ubwerere pomwe unali, ndipo masiku abwino ndi ozungulira nthawi yomwe uli mumdima. Tsitsani pulogalamu ya Stellarium pa foni kapena pa kompyuta, imakuonetsani nthawi yomwe mwezi ulowe ndi komwe chilichonse chili. Pakati pa Mlalang'amba, pomwe pali powala kwambiri, pali mbali ya gulu la nyenyezi la Sagittarius, pafupi ndi nyenyezi yofiirira ya Antares. Pamaoneka bwino kuyambira April mpaka September, ndipo kwa okhala kummwera kwa dziko pamadutsa pamutu penipeni mu June ndi July. Chakumapeto kwa chaka kumabwera Nsangwe ndi Akamwiniatsatana. Pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija pali kamtambo ka Orion Nebula, komwe ngakhale lenzi yanu ya 70-300mm ikhoza kukatola kofiirira, bola masekondi akhale 1 kapena 2.

Thawaninso magetsi. Babu limodzi la pakhonde limakwana kuononga chithunzi. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kungoyang'ana sikirini yowala ya foni mwayambiranso. Tochi yofiira siyiwononga kwambiri.

Dziwa_ISO

Muwauzenso za stacking. Chithunzi chimodzi pa ISO 3200 pa sensa yaing'ono chimakhala ndi mchenga wambiri.

Nthanda88

Nenani ndinu, mumazitha kuposa ine.

Dziwa_ISO

Chabwino. Mchenga uja umagwa mwachisawawa, pa chithunzi chilichonse umakhala malo ena, pomwe nyenyezi zimakhala zomwezomwezo. Ndiye mukatola zithunzi zambiri zofanana n'kuziunjika, nyenyezi zimalimba, mchenga umafafanizika. Zithunzi 4 zimauchepetsa kawiri, 16 kanayi, 64 kasanu ndi katatu. Mwaona kuti phindu limanka lichepa, ndiye poyamba 16 kapena 20 n'zokwana. Mukamaliza, vindikirani lenzi mutole zina 10 zamdima osasintha kalikonse, pulogalamu imazigwiritsa ntchito kuchotsa timadontho ta sensa. Pulogalamu ya Sequator ndi yosavuta ndipo imatha kusiya mitengo ili chiimire uku ikulondola nyenyezi. Siril ndi DeepSkyStacker ndi za mukazolowera. Zonsezi n'zaulere. Zimathandizanso kuchotsa mizere ya masetilaiti, yomwe yachuluka kwambiri chiyambireni Starlink mu 2019.

Kadamsana

Ndinaona chinthu chowala kwambiri chikuyenda mwakachetechete madzulo, chosaphethira ngati ndege. Chinali chimenecho?

Namzeze

Chikakhala chimodzi, chowala kwambiri, n'kudutsa thambo mu mphindi zochepa, kawirikawiri ndi International Space Station, chombo chachikulu chomwe mumakhala akatswiri ofufuza. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo imazungulira dziko mu mphindi pafupifupi 90. Ilibe nyali yomwe tikuiona, ndi dzuwa likuiomba ife kuno kutada kale. N'chifukwa chake nthawi zina imazimirira pakati pa thambo, yalowa mu mthunzi wa dziko.

Mai_Chiphaniphani

Tibwerere ku nyama pang'ono, pali chinthu chomwe ndimafuna aliyense watsopano amve. Mukatola chithunzi cha nyama yosowa, kapena chisa, musalembe malo. Foni ndi makamera ena amasunga GPS mkati mwa chithunzi, muzimitse kapena muichotse musanatumize. Ngaka ndi imodzi mwa nyama zomwe zimazembetsedwa kwambiri pa dziko lonse chifukwa cha mamba ake, ndipo siithawa, imangodzipinda, munthu n'kuinyamula. Chithunzi chanu chokongola chikhoza kukhala mapu a wina.

Ndinazionapo ndekha pa chisa. Ndinaika chithunzi cha anapiye a mbalame ina n'kutchula pomwe chinali. Pasanathe sabata anthu anali atapondaponda udzu wonse wozungulira, wina anathyola nthambi yomwe imatchinga kuti aone bwino. Nditabwererako chisa chinali pambalambanda, chopanda kanthu. Mpaka lero zimandipweteka. Kuyambira pamenepo zisa sindijambula, ndipo sindiliza mawu a mbalame pa foni kuti ndiziitane. Yaimuna imasiya kudyetsa ana n'kumalimbana ndi mdani yemwe kulibe.

Dziwa_ISO

Pa zisa ndi GPS tili limodzi mayi. Pa flash tidzakambiranabe.

Mai_Chiphaniphani

Tidzakambirana, koma kadzidzi wa a Mlenje asaonenso flash.

Gogo_wa_Filimu

Ndiwonjezere za ziphaniphani, poti mayi dzina lanu ndi limenelo. Kuwala kwawo ndi chilankhulo chofunirana, ndipo tochi kapena babu zimazisokoneza mpaka zimasiya kuthwanima. Ukafuna kuzijambula, fika kusanade, ukonze focus pa udzu kapena pa tchire kukuonekabe, uzimitse zonse, ndiye uzitola za masekondi 15 kapena 20 motsatizana. Ukaziphatikiza umapeza dambo lonse lodzaza timikanda tobiriwira, nyenyezi zili pamwamba pake. Chithunzi chimenecho ndi chomwe chili pa khoma la chipinda changa.

Mlenje_wopanda_uta

Abale, ndabweranso patatha masabata awiri ndi theka. Ndinadikira mwezi ulowe mumdima monga munanenera a Nthanda88. Lenzi pa 18mm, f/3.5, masekondi 15, ISO 3200, focus pa Antares n'kumata selotepi. Ndinatola 20 ndi zamdima 10, Sequator n'kuziphatikiza. Chitatuluka pa sikirini ndinangokhala chete. Mlalang'amba uli ndi mikwingwirima yakuda pakati, ngati utsi wagawa kuwala pawiri, zomwe ndi maso ndinkangoziona mwa apo ndi apo. M'makona nyenyezi zatambasuka pang'ono ngati timapiko, koma pakati ndi timadontho teniteni. Mame anandipezanso cha m'ma 11 koloko, zithunzi zinayi zomaliza ndinataya.

Pansi pa mtengo ndinasesa. Masiku asanu oyamba panalibe kanthu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza kambulu kamodzi kakuda, konyowa, nditakaswa ndi kamtengo munali kachigaza ka khoswe, mano achikasu ali pomwepo. Dzulo madzulo ndinakhala pa mpando patali, kamera ndinaisiya m'nyumba. Anabwera kumwamba kukadali kofiira, koma sanatere pa nthambi yakale ija, anatera ina ya pamwamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kukonza nthenga za paphiko.

Nthanda88

Timapiko ta m'makonato ndi khalidwe la lenzi ikatseguka yonse. Yesani f/4 muone, mutaya kuwala pang'ono koma makona akonzeka. Tumizani chithunzicho tichione.

Gogo_wa_Filimu

Mpando usausunthe, mwana wanga. Malo omwewo, nthawi yomweyo. Kamera udzatulutse sabata ya mawa, ndipo tsiku loyamba ungoiimika pa tripod osajambula.

Mlenje_wopanda_uta

Ndamva agogo. Chithunzi ndikutumiza madzulo ano ndikaweruka. A Dziwa_ISO, kansalu kotenthetsa lenzi kaja kamafuna power bank yaikulu bwanji kuti kafike pakati pa usiku?